Kabedi ka mwana wakhanda: pitani kwa kalipentala muli ndi tepi m'manja

Akuluakulu amati sagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo m'mabanja ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mawuwa amatsatidwa ndithu. Katundu wa mwana salowa m'nyumba mayi asanachire. Mwambowo sindikuutsutsa. Koma kabedi si thewera loti mungathamangire pagolosale tsiku lotuluka kuchipatala. Matabwa amafuna kuuma, vanishi amafuna kutha fungo, ndipo mmisiri akamathamangitsidwa ndi pamene amakhoma msomali pomwe pamafunika guluu. Ngati kwanu salola, panganani ndi kalipentala mimba ili ndi miyezi 6 kapena 7. Kakatha kakhale konko kushopu kapena kwa achibale, kadzalowe m'nyumba mwana akabwera.

Kabedi kotetezeka sikadziwika ndi kuwala kwa vanishi kapena kukwera kwa mtengo. Kamadziwika ndi miyeso ingapo imene aliyense angaione ndi tepi ya telala, ndiponso ndi zinthu zimene simunaike m'katimo. Mmisiri wa pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe angathe kukupangirani kabwino kuposa kochokera kunja, bola mumupatse manambala. Ambiri anazolowera mabedi a akuluakulu, zitseko ndi matebulo, ndiye ka mwana amangokayeza ndi maso.

Yambani n'kugwirizana kumene mwana azigona

Ambiri a ife tinakula tikugona pambali pa amayi athu, pabedi kapena pamphasa, ndipo mpaka lero zili choncho. Ubwino wake ulipo: kuyamwitsa usiku sikuvuta, neti ndi imodzi, mwana akatentha thupi mayi amadziwa msanga. Koma pali nthawi zimene kugona limodzi kumakhala ngozi yeniyeni. Ngati bambo kapena mayi amasuta fodya, ngati wina wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, ngati pabedipo pamagonanso ana okulirapo, khanda lisagone pamenepo. N'chimodzimodzi mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5. Pasofa ndiye ayi ndithu, chifukwa munthu akasinza ali ndi mwana pachifuwa, mwanayo amatsetserekera pakona n'kubanika. Kutopa nakonso musakupeputse. Bambo amene wachokera ku ulonda kapena mayi amene waweramira tiyi tsiku lonse amagona tulo tosamva kanthu.

Bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti mwana azigona m'chipinda chimodzi ndi makolo koma pamalo akeake, makamaka miyezi 6 yoyambirira. Imfa yadzidzidzi ya makanda m'tulo, imene madokotala amaitcha SIDS, imachitika kwambiri m'miyezi imeneyi, makamaka pakati pa miyezi 2 ndi 4. Choncho kabedi si ka chipinda china. Malo ake ndi pambali pa bedi lanu, poti mukatambasula dzanja mumugwira.

Yezani malowo lero. Kabedi kamene kafala kwambiri kamakhala masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi m'kati mwake, ndiye kunja muonjezerepo makulidwe a matabwa. Yezaninso chitseko cha kuchipinda, kangadzakanirire pakhomo.

Matiresi muyambe kugula, kabedi kabwere pambuyo

Apa ndi pamene ambiri amatembenuza zinthu. Amapangitsa kabedi, kenako n'kumazungulira mumsika kufuna siponji yokwana. Ikakhala yaing'ono amaphatika chitenje kapena thawulo m'mbali. Mpata umenewo ndi umene mwana amalowetsamo nkhope akayamba kugubuduka, ndipo nsalu yophatikayo imangoonjezera vuto. Gulani matiresi poyamba, muwanyamule mpaka kushopu, mmisiri apange kabedi mowazungulira. Kakatha, pakati pa matiresi ndi thabwa pasalowe zala zoposa ziwiri, mbali zonse zinayi, ndi m'makona momwe.

Akhale olimba. Ndikudziwa kuti mtima wa kholo umafuna chofewa, koma khosi la khanda lilibe mphamvu yotukula mutu nkhope ikamira. Kanikizani ndi chikhatho pakati ndi m'mphepete. Mukachotsa dzanja, siponji ibwerere nthawi yomweyo osasiya dzenje. Ngati mukuduliza siponji, funsani yolimba kwambiri imene ali nayo, yokhuthala masentimita 8 mpaka 10, ndipo aidule mowongoka. Siponji yakale ya pabedi la akuluakulu, imene inaphwa pakati n'kumwa chinyezi cha zaka zambiri, musaidulire mwana.

Pulasitiki yopyapyala imene matiresi amabwera nayo ichotseni yonse. Anthu amaisiya poopa mkodzo, koma imamatirira pamphuno. Pitani kwa telala asoke chikuto cha nsalu yokhuthala yosalowa madzi, chogwira bwinobwino, kenako asokenso zoyala ziwiri kapena zitatu za chitenje chochapa kale, zokhala ndi lasitiki m'mphepete kuti zizikoka pansi pa matiresi. Choyala chongoyala chimakwinyika usiku n'kufika kunkhope.

Kwa kalipentala: miyeso yoti musagonjerepo

Lembani manambala papepala, lina mumusiyire, lina musunge.

Muyeso waukulu pa yonse ndi mpata wa pakati pa timitengo ta m'mbali. Malamulo a ku America amati usapitirire masentimita 6. A ku Ulaya amati ukhale pakati pa 4.5 ndi 6.5. Inu nenani kuti pakati pa 4.5 ndi 6, basi. Chifukwa chake n'choti thupi la khanda ndi laling'ono kuposa mutu wake. Mpata ukakula, miyendo imatuluka, chiuno n'kutsatira, chifuwa n'kudutsa, koma mutu umakanirira, mwana n'kulendewera pakhosi, ndipo sangathe n'kulira komwe. Mpata ukachepa kwambiri, mumakanirira mkono kapena bondo.

Mukanena zimenezi, yembekezerani yankho lotere: "Mayi, tikatero timitengo tichuluka, mtengo ukwera." Akunena zoona, ndipo musakangane naye. Werengani naye limodzi. Mbali ya masentimita 120, timitengo tikakhala ta masentimita 3 m'lifupi, pamafunika 14, ndipo mipata imatuluka masentimita 5.2. Mbali yaifupi ya masentimita 60 imafuna 7. Zonse pamodzi ndi timitengo 42. Akaika 10 tokha mbali yaitali, mpata umapitirira masentimita 8, ndipo kabedi kotero ndi msampha ngakhale kataoneka bwino bwanji. Muuzeni mwaulemu kuti, "Amisiri, zokongoletsa zonse zisiyeni, ndalama yake ipite ku timitengo." Mmisiri wabwino akamva chifukwa chake sakana, enanso amasunga pepala lija kuti adzapangire ena.

Timitengoto tiimirire, tisagone chopingasa. Kamtengo kopingasa pakati pa mbali kamasanduka popondera mwana akayamba kuima. Tilowe m'mabowo osema pathabwa la pamwamba ndi la pansi, n'kumatidwa ndi guluu wa matabwa. Kongokhoma ndi msomali kunja kamazuka mwana akamakagwedeza, ndipo msomaliwo umatsala poyera.

Kuya kwake: kuchokera pamene pagona matiresi kufika pamwamba pa mbali pakhale masentimita 60 kapena kuposa, kuti mukaika matiresi patsale osachepera 50. Ngati mungathe, pemphani kuti thandala la pansi lizitha kukwezedwa ndi kutsitsidwa, malo awiri okha akwana. Miyezi yoyamba limakhala m'mwamba, kuti mayi, makamaka amene wachira ndi opaleshoni, asamawerame kwambiri, koma ngakhale pamenepo patsale masentimita 20 kuchokera pamwamba pa matiresi. Thandalalo ligwidwe ndi mabauti, lisangokhala pa timatabwa toti mwana wamkulu akalikankha kunsi limatukuka. Likhale la matabwa oyandikana okhala ndi mipata yaing'ono, kuti mpweya uzipita pansi pa siponji. Kuno mvula ndi yambiri, ndipo siponji yogona pa bolodi lotseka imachita nkhungu kunsi inu osadziwa.

Nsanamira za m'makona zidulidwe molingana ndi mbali. Amisiri athu amakonda kusema timipira kapena tinsonga pamwamba pake, ndipo timakongoladi, koma malaya a mwana, chingwe cha chipewa kapena mkanda wa m'khosi zimakola pamenepo. Kumutu ndi kumiyendo asaboole maluwa, mitima kapena nyenyezi. Bowo lililonse ndi malo olowa chala, dzanja kapena mutu.

Mbali zonse zinayi zikhale zokhazikika. Musalole kachitseko ka mahinjesi kapena mbali yotsetsereka. Matayala safunika. Pomaliza, pemphani kuti mbalizo zilumikizidwe ndi mabauti, mitu yake yosalala iyang'ane m'kati, manati akhale kunja. Mukatero kabedi kamamasuka n'kukwera minibasi kapena njinga ya kabaza popanda kuthyoka, ndipo kakayamba kugwedera mumangomanga ndi sipanala.

Za ndalama, gwirizanani mtengo wonse ndi tsiku lotenga, mulembe papepala lomwe lija. Perekani gawo loyamba logulira matabwa, lotsala mudzapereke mutayeza.

Thabwa ndi penti

Paini wouma bwino ndi wokwanira: ndi wopepuka, amapalika bwino, ndipo amapezeka. Onetsetsani kuti timitengo tilibe mfundo zikuluzikulu, chifukwa paini amathyokera pamfundo. Bulugamu ndi wolimba ndipo kuno ndi wosasowa, koma akakhala wamuwisi amapindika ndi kung'aluka akamauma, ndiye mipata imene munayeza ija imasintha ndipo zolumikiza zimamasuka. Nyamulani thabwa limodzi mumve. Likalemera modabwitsa, likazizira m'manja, utuchi wake ukamamatirira, silinaume. Mbawa ndi wabwino kwa amene angakwanitse.

Wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza, kanani. N'zoona kuti amanunkhira ndipo chiswe sichiwadya, koma mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba. Kabedi ka zaka ziwiri si chifukwa chodulira mtengo umene umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule.

Matabwa opakidwa oyilo wakuda wa galimoto kapena mankhwala a chiswe asayandikire. Amenewo ndi a denga ndi mipanda.

Nkhani ya penti ndiyofunika kuimvetsa. Mano akayamba kumera, cha m'miyezi 6, mwana amaluma chilichonse, ndipo akadzatha kuima, thabwa la pamwamba limakhala pakamwa pake penipeni. Mapenti ena a oyilo, makamaka achikasu, ofiira ndi ena owala kwambiri, amakhala ndi mtovu, ndipo kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi m'zaka zapitazi anaupeza wochuluka m'mapenti ena ogulitsidwa m'mashopu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wake umene ungatchedwe wosaopsa m'thupi. Ine ndimakonda thabwa lopanda penti, longokwechedwa bwino ndi sandipepa mpaka kusalala. Ngati mukufuna kupaka, gulani nokha vanishi kapena penti wosungunula ndi madzi, wolembedwa pachitini kuti alibe mtovu, mumupatse mmisiri. Musalole zotsala za m'zitini zopanda dzina zimene zili pakona pa shopu. Akapaka, kabedi kakhale pakhonde pamthunzi mpaka fungo litatheratu, ngakhale zitatenga masabata.

Ngati mukugula kakale kapena mwapatsidwa

Ku Limbe ndi m'misika ina mumapezeka timabedi takaunjika, tina tobwera ndi abale ochokera ku Joni. Tina ndi tabwino ndithu. Miyeso yonse ija igwire ntchito chimodzimodzi, ndipo muonjezere izi.

Kabedi kokhala ndi mbali imodzi yotsika ndi kukwera musakatenge, ngakhale ogulitsa atakuonetsani mmene kamathandizira potulutsa mwana. Ku America analetsa kupanga ndi kugulitsa timabedi totere mu June 2011, ana oposa 30 atafa. Tizitsulo ndi timapulasitiki togwira mbaliyo timatha, mbali n'kupatuka pang'ono, mwana n'kugwera pampatapo n'kupanikizika. Tina mwa timabedi timeneti sitinaphwanyidwe, tikungoyendayenda m'manja mwa anthu.

Werengani mabauti ndi masikuluwu. Pakasowa limodzi, lipezeke lofanana nalo. Kumanga ndi waya, chingwe kapena mphira wa njinga si kukonza. Penti akamasupuka ndipo simukudziwa kuti ndi wamtundu wanji, kasiyeni, chifukwa kumupala kumangomwaza fumbi lake m'nyumba. Unikani ndi tochi ya foni m'makona ndi m'mabowo a mabauti: timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ufa wa thabwa pansi ndi chizindikiro choti likufumbwa. Matiresi akale asiyeni, mugule atsopano okwana bwino.

Timabedi topinda ta nsalu ya maukonde m'mbali n'tabwino ngati ukondewo sunang'ambike ndipo mbali zonse zikukhoma bwino zikatambasulidwa. Gwiritsani ntchito kamatiresi kopyapyala kamene kanabwera nako. Mukaonjezera siponji pamwamba, mbali ya nsalu imafutukuka n'kusiya mpata. Timipando tonjanja ndi togonekera topendekeka si malo ogona. Mutu wa khanda umagwera pachifuwa n'kutseka njira ya mpweya.

Tsiku lokatenga

Musatume mwana kapena wakabaza. Pitani nokha ndi tepi ndi matiresi aja, ndipo musachite manyazi kuyeza mwini shopu akuona. Yezani mpata uliwonse, osati umodzi wokha, pamwamba ndi pansi pomwe, makamaka wa pakona pamene amisiri amakonda kusiya chotsala. Ngati tepi mwaiwala, chitini cha chakumwa choziziritsa kukhosi cha mamililita 330, chachifupi chija, chisadutse paliponse. Gwirani kamtengo kalikonse mukapotoze, kasazungulire. Gwedezani kabedi konse ndi manja awiri, kenako kanikizani thandala ndi mphamvu zanu zonse. Kasalire, kasapendeke.

Kenako tengani kansalu kopyapyala, kaya mpango wa kumutu, mukokere pang'onopang'ono pathabwa la pamwamba, m'mbali mwa timitengo ndi kunsi kwa thabwa kumene diso silifika. Pamene nsalu yakola pali kachitsotso kapena nsonga ya msomali. Ikani chizindikiro ndi pensulo, akonze muli pomwepo.

Malo ake m'nyumba, neti ndi kuzizira

Kabedi kakhale pafupi ndi bedi lanu koma kutali ndi zenera, makatani ndi zingwe zake, mawaya a magetsi kapena a sola, ndi tchaja ya foni. Pamwamba pake pasakhale shelefu kapena chithunzi cholemera. Yang'anani kudenga ngati malata sakudontha pamenepo, ndipo kasiyeni mpata pang'ono ndi khoma ngati limachita chinyezi nthawi ya dzinja. Kandulo ndi koloboyi zikhale patali, chifukwa neti imayaka msanga.

Malangizo ambiri ochokera kunja satchula udzudzu, koma kwa ife kabedi kopanda neti sikanathe. Malungo amapha ana aang'ono mofulumira. Neti yonyikidwa m'mankhwala imaperekedwa kusikelo ya amayi oyembekezera, ndiye funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati simunalandire. Yatsopano muiyanike pamthunzi tsiku limodzi musanaigwiritse ntchito. Ngati neti yanu ndi yaikulu mokwanira kuphimba bedi ndi kabedi komwe popanda kusiya mpata, imeneyo ndiye njira yosavuta usiku. Apo ayi, mwana akhale ndi yake, yomangidwa kudenga molimba, yotsika kunja kwa timitengo, n'kusonkhanitsidwa kunsi kwa kabedi kuti isalendewere m'kati. Ikhale yokoka bwino: mwana asathe kuikokera kunkhope, ndipo mkono wake usagunde neti poti udzudzu ungalume uli kunja. Zingwe zotsala ziduleni. Bowo likaoneka, lisokeni tsiku lomwelo. Mankhwala ofukiza a udzudzu musayatse m'chipinda chogona khanda.

Ndiye pali June ndi July, chiperoni chikatsika, nkhungu n'kuphimba minda ya tiyi, zovala osauma masiku angapo. Pamenepa ndi pamene anthu amalowetsa mbaula kuchipinda. Chonde musatero. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena utsi wooneka, ndipo khanda ndi limene limayamba kugonja. Utsi wa nkhuni ndi wa fodya nawonso usafike kumene mwana amagona. Kuzizira kuthetsedwe ndi zovala: muvekeni chovala chimodzi kuposa zimene inu mwavala, ndi masokosi. Kuti mudziwe ngati wafunda, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja ndi mapazi, amene amazizira kale mwachibadwa. Akachita thukuta, chotsani chimodzi. Kutentha kwambiri nakonso kumaonjezera ngozi ya imfa ya m'tulo ija, n'chifukwa chake mwana wobadwa bwinobwino sagona usiku ndi chipewa m'nyumba kapena kufunditsidwa kumutu. Wobadwa masiku asanakwane ndi nkhani ina: tsatirani zimene anakuphunzitsani kuchipatala za kumufungatira pachifuwa mwa njira ya kangaru ndi kumuveka chipewa, ndipo afunseni nthawi yoyenera kuyamba kumugoneka payekha.

Kumugoneka, ndi kulankhula ndi akuluakulu

Chagada, nthawi zonse, usiku ndi masana omwe, mpaka atakwanitsa chaka. Osati chafufumimba, osatinso cham'mbali, chifukwa wogona cham'mbali amagubudukira pamimba mosavuta. Mayiko amene anayamba kulimbikitsa zimenezi, monga Britain mu 1991 ndi America mu 1994, anaona imfa za m'tulo zikutsika ndi theka kapena kuposa. Ambiri amaopa kuti mwana akabwezera mkaka atagona chagada atsamwa. Mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, ndiye zobwerazo zimabwerera kumene zachokera kapena amazimeza. Akadzayamba kudzigubuduza yekha mbali zonse ziwiri, mumugoneke chagada ndithu, koma akatembenuka musavutike kumubweza usiku wonse. Kumukulunga manja m'nsalu kulekeke akangoyamba kuyesa kugubuduka.

M'kabedi mukhale matiresi, choyala ndi mwana. Mtsamiro ayi, zidole ayi, mabulangete okhuthala aubweya aja ayi. Zotchinga zofewa zomangirira m'mbali mwa timitengo, zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi zoyala zokongola, anaziletsa ku America mu 2022 chifukwa ana amabanika nazo. Ngati mukufunditsa, mapazi a mwana agunde kumiyendo kwa kabedi, bulangete lopepuka lifike pachifuwa pokha, manja ali kunja, ndipo m'mphepete mwake mulowetse pansi pa matiresi mbali zitatu. Akatero sangatsetserekere kunsi kwa chofunda. Chilichonse cha m'khosi, kaya mkanda kaya chingwe, chivulidwe pogona.

Chovuta si malamulowa ayi, koma anthu amene amakukondani. Apongozi abwera kuchokera ku Thekerani kapena ku Muloza kudzathandiza chikuta, anyamula bulangete latsopano ndi kamtsamiro kosoka okha. Akaona mdzukulu ali pamatiresi opanda kanthu, mtima uwawa: "Mwanayu mukumuzunza, azizidwa. Ife tonse tinalera ana, anafa ndani?" Musawayankhe ndi mawu a m'buku, ndipo musawachititse manyazi pa anthu. Landirani mphatsoyo ndi manja awiri. Bulangete ligwire ntchito pomufukata masana kapena popita kusikelo. Kenako, muli awiri, nenani kuti, "Amayi, kuchipatala anatiuza kuti pogona pasakhale chofewa pafupi ndi mphuno, chifukwa sangathe kudzichotsa yekha. Tagwirani pachifuwapa muone mmene wafundira." Akagwira okha n'kumva kutentha, nkhani imatha. Ngati ndi amayi a bambo, ndi bwino bamboyo alankhule yekha. Uzaninso aliyense wotsala ndi mwana, wantchito kapena achemwali ake, chifukwa khanda lozolowera kugona chagada limakhala pangozi yaikulu tsiku limene wina waligoneka chafufumimba.

Ndalama zikavuta

Kusowa kabedi ka matabwa sikutanthauza kuti mwana alibe pogona pabwino. Ku Finland boma lakhala likupereka katundu wa mwana kwa amayi kuyambira mu 1938, ndipo katoni yake, yokhala ndi kamatiresi pansi, yagonekapo makanda ambiri. A Māori a ku New Zealand amaluka kadengu kogonekamo khanda kotchedwa wahakura. Ife oluka nsungwi tili nawo ambiri. Pemphani dengu la pansi pafulati ndi polimba, lotalika moti mwana atambasuke bwino, la m'mbali mowongoka, lolukidwa mothithikana, lopanda nsonga zotuluka m'kati. Dulizani kasiponji kolimba kopyapyala kokwana ndendende. Liikeni pamphasa pambali panu, m'kati mwa neti, osati patebulo kapena pampando poti lingagwe. Masana samalani nkhuku, agalu, linthumbu ndi ana ena ofuna kunyamula mng'ono wawo. Dengu ndi la miyezi yoyamba yokha. Mwana akayamba kugubuduka kapena kudzitukula ndi manja, kawirikawiri cha m'miyezi 4, lamuchepera, ndipo miyezi imeneyo ikupatsani mpata wosonkhanitsa ya kalipentala.

Akamakula

Mwana akangoyamba kukhala tsonga kapena kudzitukula pamanja ndi mawondo, tsitsani thandala pansi penipeni, musadikire kuti ayambe waima. Zolendewera zonse zimene munamangirira pamwamba zichoke nthawi yomweyo, ndipo onaninso neti, chifukwa tsopano manja ake akufika patali. Mwezi uliwonse yendani ndi sipanala pa mabauti onse, chifukwa matabwa amafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Tsiku ladzuwa tulutsani matiresi muyanike mbali zonse ziwiri.

Akafika masentimita 89, kapena mukangomuona akukweza mwendo pamwamba pa mbali, nthawi ya kabedi yatha ngakhale asanakwanitse zaka ziwiri. Mumusamutsire pa matiresi apansi kapena pabedi lalifupi, m'neti momwemo. Kabediko kamasuleni, mabauti onse muwaike m'kathumba n'kumangirira pathabwa limodzi, ndipo mukasunge pamwamba pouma, poti chiswe sichifika. Musanadzagonekemo wina, yezaninso mipata yonse ndipo mugule matiresi atsopano.